Kupatula ma test osadalirika CI isanatikanganitse

Test yosadalirika ndi ija imagwa lero, mawa n'kudutsa, code isanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Pa review imayambitsa mkangano: wolemba akuti vuto si lake, wowunika akukana kudina merge (kulowetsa code yatsopano mu yaikulu) pomwe CI, makina oyendetsa ma test okha code ikasintha, ili yofiira kusonyeza kuti test yagwa. Mapeto ake wina amangodina Re-run mpaka ibiriwire. Si ife ang'onoang'ono tokha. Mu 2016 a Google ananena kuti pafupifupi 1.5 peresenti ya maulendo omwe amayendetsa ma test awo amapereka zotsatira zosinthasintha chonchi.

Kagulu kathu kuno ku Kasungu kamalemba pulogalamu ya ngongole za makalabu a alimi a fodya ndi soya, pogwiritsa ntchito pytest (chida choyendetsera ma test a Python) ndi GitHub Actions (yomwe ndi CI yathu). Tinagwirizana kuti wowunika code asamagamule yekha kuti test iyi ndi yopenga. Umboni uzichokera ku makina.

Choyamba, pytest ikagwa, CI iziyendetsanso pytest --lf pa commit yomweyo. Lamuloli limabwereza zomwe zagwa zokha. Yomwe yagwa koyamba n'kudutsa kachiwiri, script ilembe dzina lake. Samalani apa: nthawi zina imadutsa chifukwa chakuti ili yokha, pomwe woipitsa database ndi test ina yomwe imayenda patsogolo pake. Ikani pytest-randomly kuti izisakaniza ndondomeko, wolakwa weniweni aonekere.

Kenako script itsegule pull request (pempho loti code isinthidwe) yakeyake, yowonjezera mzere mu quarantine.txt, fayilo ya ma test opatulidwa: dzina la test, nambala ya issue, mwini wake ndi tsiku lotuluka m'fayiloyi. Musalole kuti mzerewu ulowe mobisala mkati mwa pull request ya munthu amene akuthamangira merge. Fayiloyi iikeni mu CODEOWNERS, mndandanda wa eni ake a mafayilo pa GitHub, kuti mmodzi wa akuluakulu azivomereza.

Mu conftest.py, fayilo yokonzera pytest, function ya pytest_collection_modifyitems iwerenge quarantine.txt n'kuika chizindikiro cha quarantine pa ma test olembedwamo. Job yoyamba iyendetse -m "not quarantine", ndipo ndi yokhayo yomwe ingatseke merge. Yachiwiri iyendetse -m quarantine ndi continue-on-error: true. Zopatulidwazo ziziyendabe. Mbuzi yodwala timaipatula m'khola kuti tiipatse mankhwala, osati kuti tiiiwale.

Gawo lomwe anthu ambiri amadumpha ndi tsiku lotuluka lija. Ife timapereka masiku 14. Akatha test isanakonzedwe, CI imafiira kwa aliyense mpaka mwini wake aikonze kapena aifufute polemba chifukwa. Anzanga ena amati ndi nkhanza. Ine ndimati popanda chimenechi fayiloyo imangokula, ndipo pakatha chaka theka la ma test anu sakuteteza kanthu. Ma test owerengera chiwongoladzanja ndi ndalama zobweza sitiwalola n'komwe kulowa m'fayiloyi. Akagwa, ntchito zina zimayamba zaima.

Pokonza, yambani mwafufuza zinthu zitatu: sleep yodikira masekondi ongoganizira, test yoitana seva yakunja kudzera pa intaneti m'malo mwa mock (seva yongoyerekezera), ndi nthawi. Makina a GitHub Actions amayendera UTC (nthawi yoyendera dziko lonse), Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Kuyambira 12 koloko usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha, kuno tsiku lasintha koma kwa makinawo likadali dzulo. Test yoona ngati ngongole yadutsa tsiku lobweza imagwera wogwira ntchito usiku yekha. Mangani nthawi ndi freezegun, chida choimitsa wotchi mu test, ndipo mzere wa testyo muuchotse mu quarantine.txt pa pull request yomweyo.