Mukafika ku Joni, buledi si wa pa spaza wokha

Achinyamata ambiri a kuno ku Kasungu, kaya a kwa Santhe, ku Chinkhoma kapena ku Nkhamenya, akamakonzeka ulendo wa ku Joni amandifunsa za pasipoti, za basi ndi za malo ogona. Za buledi safunsa. Komatu kumeneko buledi mudzadya kuposa nsima, chifukwa munthu wodzuka 4 koloko m'mawa kuthamangira takisi alibe nthawi yovundula mphika. Ine ndinagwira ntchito za m'nyumba ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo ndinaona abale athu akudya buledi wamtundu umodzi chaka chonse, kumadandaula kuti alibe kukoma, pamene wabwino ali msewu wachiwiri kuchokera pomwe akugona.

Tiyambe ndi wa tsiku ndi tsiku. Pa spaza, kagolosale ka m'makwalala kaja, mupeza Albany, Sasko ndi Blue Ribbon, wodulidwa kale, nthawi zambiri wa magalamu 700. Ndi wofewa, amasungika, ndipo sindikumunyoza. Tengani wabulauni: boma la kumeneko silimuikira msonkho wa VAT pamene woyera amamuikira, ndipo amakhalitsa m'mimba. Yang'anani tsiku lomwe lalembedwa pa pepala kapena pa kotsekera kukamwa kwake, chifukwa pa spaza yomwe malonda sayenda buledi amagonera. Ndithere pomwepo, uyu aliyense amupeza yekha.

Chinsinsi cha buledi wabwino ndi kutsatira alendo anzathu. Mtundu uliwonse womwe unasamukira mumzinda uja unapita ndi buledi wake, ndipo amaphikira anthu akwawo omwe sangapusitsidwe.

Ngati munadutsa njira ya Mwanza ndi Tete, munaona timabuledi ta ku Mozambique tomwe amatitcha pão, ta khungu lolimba, mkati mwa mphakomphako. Timeneti mutipeza kummwera kwa tawuni, ku Rosettenville ndi madera oyandikana nawo, komwe Apwitikizi anakhazikika kalekale. M'masitolo akuluakulu amangolemba kuti Portuguese rolls. Kwa ine uyu ndiye mfumu ya onse. Mugule m'mawa akadali wofunda, mum'ng'ambe ndi manja, osati mpeni, mupakemo chiponde cha mtedza wathu. Koma ndi wa tsiku lomwelo. Pofika mawa amauma gwa, ndiye gulani wokwana kudya lero basi.

Ku Fordsburg, kufupi ndi Oriental Plaza, kuli Amwenye ndi anthu a ku Pakistan ndi Bangladesh. Imani pakhomo pa malo odyera muone mmene amaphikira naan. Uvuni wake ndi wadothi, wooneka ngati mtsuko waukulu, moto uli pansi. Wophika amatambasula ufa wokanda m'manja, kuuika pa kansalu kokulunga, n'kulowetsa mkono kuumata kukhoma la mkati. Pakangopita mphindi zochepa watupa matuza, m'mbali mwapserera pang'ono, ndipo amamukoka ndi zitsulo ziwiri zazitali. Simukakamizidwa kugula ndiwo zawo. Nenani kuti mukufuna naan kapena roti yekha wopita naye kunyumba, mukadyere nyemba zanu. Mwezi wa Ramadan pitani chakumadzulo, masana malo ena amakhala otseka.

Pafupi pomwepo pali Mayfair, komwe kuli Asomali ambiri, ndipo m'tawuni mumsewu womwe anthu amautchabe Jeppe muli anthu a ku Ethiopia. Awa ali ndi injera, wopyapyala, wotambalala mbale yonse, wa timabowo tambirimbiri pamwamba. Amapangidwa ndi ufa wa kambewu kotchedwa teff, womwe amausiya masiku angapo kuti usase. Ndikuchenjezeni, achimwene, ndi wowawasa, ndipo tsiku loyamba mudzaganiza kuti akugulitsani woonongeka. Si wa tiyi ameneyu. Amafuna ndiwo za tsabola, mumang'amba kachidutswa n'kutapira nyama kapena mphodza. Ine ndinachedwa kumuzolowera, ndipo mpaka lero sindingamudye masiku awiri otsatizana.

Amene mudzagwire ntchito m'nyumba za ku Glenhazel kapena Norwood, kuli Ayuda. Lachisanu amagula buledi woluka, wonyezimira pamwamba chifukwa chopaka dzira, wotsekemera pang'ono, yemwe kumeneko amamutcha kitke. Loweruka masitolo awo ambiri satsegula chifukwa ndi Sabata lawo, choncho pitani Lachisanu dzuwa lisanapendeke. Buledi ameneyu akagona, muviikeni m'dzira ndi mkaka n'kumukazinga, ana amanyambita zala.

Eni dziko nawo ali ndi zawo. Magwinya ndi mandasi athu omwewa koma akuluakulu, amayi amagulitsa pa renki, pokwerera matakisi, m'mamawa. Kota ndi chigawo cha buledi chomwe amachikumba mkati n'kuthiramo tchipisi, poloni ndi atchar. Amakhutitsa, koma wodya kota tsiku lililonse thalauza limamukana.

Tsono mumudziwa bwanji wabwino pomwe simukudziwa dzina lake? Mu Shoprite, Checkers kapena Pick n Pay pitani kumbuyo komwe amaphikira, mufunse nthawi yomwe amatulutsa mu uvuni. Amayankha bwinobwino. Buledi wa khungu lolimba mukamugogoda pansi ndi chala azimveka phakaphaka ngati mulibe kanthu mkati. Mukamudina pang'ono azibwerera. Yemwe wamata nthunzi m'pepala la pulasitiki anamutsekera akadali wotentha, ndipo sachedwa kuchita chuku. Mukaona wolembedwa sourdough kapena rye, mtengo wake ndi wokwererapo, koma ndi wolemera, magawo awiri okha mwakhuta, ndipo kuwawasa kwake kumamuthandiza kukhala masiku angapo osachita chuku. Yesani kamodzi mwezi ukatha.

Kasungidwe ndi komwe ambiri amataya ndalama. Buledi musamuike mu firiji wamba, amauma msanga kuposa ali pa tebulo. Ngati pali mbali youmitsa madzi, dulani magawomagawo, mangani m'pepala, muike mmenemo, muzitulutsa awiri kapena atatu n'kutenthetsa pa chiwaya chouma. Wochita chuku tayani yense, osangodula pomwe padetsedwapo, chifukwa mizu yake imalowerera mkati momwe maso saona. Ndipo ngati mukugona anthu asanu chipinda chimodzi, buledi wabwino amasowa yekha usiku. Pamenepo ndilibe malangizo.

Chomaliza ndi cha masiku omwe ndalama yathina, ndipo ichi ndimaphikabe kuno pa mbaula. Amachitcha dombolo, Azulu amati ujeqe, buledi wophika ndi nthunzi, wosafuna uvuni. Tengani makapu 4 a ufa wa tirigu, kapaketi ka yisiti ka magalamu 10, masupuni awiri a shuga ndi kasupuni kakang'ono ka mchere. Thirani madzi ofunda pang'onopang'ono, osati otentha chifukwa amapha yisiti, mukande mpaka ufa usiye kumata m'manja. Vindikirani ndi nsalu pamalo ofunda mpaka utupe kuwirikiza kawiri. Kenako uikeni m'mbale yachitsulo yopaka mafuta, mbaleyo muikhazike mumphika waukulu momwe muli madzi owira ofika theka la mbale, n'kuvindikira bwino. Uphike pafupifupi ola limodzi pamoto wapakati. Musamavundukule pafupipafupi, nthunzi ikathawa buledi amaphwa, ndipo madzi akachepa onjezani otentha, kuthira cham'mbali. Bayani ndi mpeni pakati, ukatuluka woyera wapsa. Amayenda bwino ndi nyama ya msuzi wambiri, ndipo wotsala mumwera tiyi m'mawa.