Momwe mungapezere chimene chikudya batire la galimoto usiku

Galimoto ikakana kulira m'mawa pomwe dzulo lake imayenda bwinobwino, eni ake amathamangira kukagula batire lina. Kawirikawiri nalonso limatha pasanathe sabata, chifukwa pali chipangizo chimene chikukokabe magetsi galimoto itazimitsidwa. Amene akuphunzira ntchito yoika mawailesi, maalamu ndi ma tracker ayenera kudziwa kuchisaka ndi mita yoyezera magetsi (multimeter), osati kumangosintha zinthu mongolota.

Yambani ndi batire lenilenilo. Ikani multimeter pa DC volts. Batire lodzadza limaonetsa 12.6V injini ili yozima, ndipo ikamalira muone pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Zikachepera pamenepo injini ikulira, alternator (chipangizo chotchaja batire) siikutchaja, imeneyo ndi nkhani ina.

Batire likakhala kuti lili bwino, zimitsani zonse ndipo chotsani kiyi. Chitseko chakumbali kwa bokosi la mafyuzi chisiyeni chotsegula, koma kankhani loko wake ndi sikuludiraiva, kapena panani kaswitchi kake, kuti galimoto iziona ngati chatsekedwa. Chingwe chofiira cha mita chilowe pabowo la 10A, ndipo mitayo ikhale pa DC amps. Masulani waya wa negative ndi sipanala, nthawi zambiri ya 10, kenako lumikizani mita pakati pa mutu wa negative wa batire ndi wayayo.

Apa musayerekeze kuliza injini. Sitata imakoka ma amps oposa 100, fyuzi ya mita ipsa nthawi yomweyo.

Dikirani mphindi 20 mpaka 30. Makompyuta a galimoto zamakono sagona msanga, ndipo mukafulumira muimba mlandu chinthu chosalakwa. Akagona, mita ionetse zosapitirira 0.05A. Imeneyo ndi ya wotchi, alamu ndi memory ya wailesi. Koma mukaona 0.5A, dziwani kuti tsiku lililonse pakuchoka 12Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa m'batire), choncho batire la 60Ah lifika theka m'masiku awiri ndi theka.

Tsopano zulani mafyuzi imodziimodzi, maso ali pa mita, ndipo iliyonse muziibwezera pamalo pake musanazule ina. Imene yagwetsa nambala ndiyo yakulozerani njira. Onani pachivundikiro cha bokosi kuti imadyetsa chiyani. Nthawi zina ndi kanthu kakang'ono, monga getsi la mu buti losazima.

Komabe olakwa ambiri ndi zida zoikidwa pambuyo, makamaka wailesi. Pa mawailesi ambiri ogula padera, waya wachikasu umalandira magetsi nthawi zonse kuti isaiwale masiteshoni, wofiira umalandira pokhapokha kiyi ali pa ACC (pamene wailesi imayaka injini isanalire), wakuda ndi wa earth. Mmisiri waulesi akasowa waya wa ACC amangopota wofiira ndi wachikasu pamodzi. Wailesi imalira, kasitomala amapita akusangalala, koma siizimanso yokha. Amplifier nayo chimodzimodzi: waya wake wa remote, wabuluu wa mzere woyera, uyenera kuchokera ku wailesi. Ukalumikizidwa ku waya wamoyo nthawi zonse, amplifier imachezera usiku wonse ili yoyaka. Igwireni m'mawa, muipeza yofunda.

Mafyuzi onse akatha nambala osasintha, tsatirani mawaya oonjezera amene achokera pa batire penipeni osadzera m'bokosi. Akapanda kupezeka, kayikirani diode ya mu alternator, kachipangizo koletsa magetsi kubwerera m'mbuyo. Chotsani kaye mita, masulani waya waukulu wa kumbuyo kwa alternator, ukulungeni tepi, ndiye muyezenso.

Pokonza, lumikizani mawaya ndi solder (mtovu wowotcherera) kapena ma crimp (tizitsulo topanira mawaya), muwaveke heat shrink (kapaipi ka pulasitiki kofwanyata kakatenthedwa). Kupota ndi manja n'kukulunga tepi kumamasuka ndi kutentha komanso kugwedezeka, mapeto ake ndi shoti. Waya uliwonse watsopano wochokera ku positive ukhale ndi fyuzi yake pasanathe masentimita 45 kuchokera pa batire. Posaka waya wa ACC pansi pa chiwongolero, mapulagi achikasu musawakhudze ndi mita kapena tester, amenewo ndi a airbag. Mukamaliza, yezaninso ndi kudikira mphindi zomwe zija musanapereke makiyi.