Damu likamakula, nsomba zake zimasintha: momwe mungaliwerengere

Damu latsopano limanamiza. M'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, aliyense woponya mbedza amabwerera kunyumba ndi ndiwo zonona, ndipo mudzi wonse umayesa kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale. Chimene chimachitika n'chakuti madzi amamiza udzu, masamba, ndowe za ng'ombe ndi dothi lachonde la m'dambo. Zonsezi zikamawola zimasanduka manyowa, madzi amabiriwira ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene makumba amadya. Nsomba zimakhala zikadali zochepa pomwe chakudya chili mbwee, n'chifukwa chake zimakula msanga. Manyowawo akatha, damu limatsikira pa mlingo wake weniweni, ndipo apa m'pamene anthu amayamba kulozana zala kuti wina akuba nsomba usiku.

Ngakhale madamu akuluakulu anadutsa momwemu. Khoma la Kariba pa mtsinje wa Zambezi linatsekedwa kumapeto kwa 1958 ndipo nyanjayo inadzaza mu 1963. Poyamba asodzi ankapha nsomba zambiri, kenaka zinayamba kuchepa. Mitundu nayo inasinthana: nsomba zokonda madzi oyenda, za mtundu wa nchila, zinabwerera m'mbuyo, pomwe abale a chambo, amene amaswana m'madzi odikha, anachuluka. Pakatikati pa nyanjayo panalibe nsomba yodalirika mpaka pamene kapenta, kansomba kakang'ono konga usipa, anabweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Kapentayo anatsika yekha ndi mtsinje n'kukakhazikika ku Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, damu limene linatsekedwa mu 1974. Damu la m'mudzi mwanu ndi laling'ono, koma nalonso limasintha chaka ndi chaka.

Komiti ya damu isamadalire zokumbukira za anthu, chifukwa msodzi amakumbukira tsiku limene anapha zambiri lokha. Gulani kope, ndipo khomerani rula ya masentimita 30 pa thabwa. Sankhani tsiku limodzi pa sabata loti muzilemba: anawedza anthu angati, kwa maola angati, anapha nsomba zingati, za mtundu wanji, komanso kutalika kwa nsomba 20 zoyambirira kuchokera kukamwa mpaka kumchira. Musasankhe zazikulu zokha. Poyerekeza, fanizirani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, popeza mu Juni ndi Julayi madzi amazizira ndipo nsomba sizidya nyambo kwenikweni ngakhale zili zambiri.

Kopelo likuuzani matenda a damu lanu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana kwambiri.

Vuto lofala kuposa onse ndi nsomba zambiri koma zopinimbira. Mbedza ikangogwa m'madzi kansomba kadya kale, koma mukakakoka n'kosapitirira chikhatho. Kayang'aneni bwino: mutu waukulu, maso otuluka, thupi lopyapyala. Mukatsegula kukamwa kwa makumba aakazi a masentimita 8 kapena 10 n'kupezamo mazira, dziwani kuti amenewo si ana ayi, ndi makolo opinimbira. Zimayamba anthu akamachotsa nsomba zazikulu zonse pamodzi ndi milamba imene inkadya tiana. Zotsalazo zimaswana zikadali zazing'ono, n'kumalimbirana chakudya chomwecho. Apa m'pamene makomiti ambiri amalakwitsa momvetsa chisoni: amasonkha ndalama n'kukagula mbewu ina ya nsomba, kuwonjezera pakamwa pomwe nkhokwe ili yomweyo. Chofunika ndi kupatulira, monga timachitira ndi chimanga chothithikana. Tcherani miono m'malo osaya, kapena kokani khoka la maso ang'onoang'ono komiti ndi mlangizi wa za nsomba ali pomwepo, muchotse tinsombato mukadye kapena kuyanika. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, makumba opitirira masentimita 20 azibwezedwa m'madzi, ndipo milamba ina isiyidwe igwire ntchito yake. Pobweza nsomba, nyowetsani manja musanaigwire kuti musachotse lenda la pakhungu pake, ndipo musaigwire m'makha.

Zikakhala kuti nsomba zachepa zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, kayang'aneni m'mbali mwa damu. Makumba aamuna amakumba zisa zozungulira ngati mbale m'madzi osaya nyengo yotentha ndi ya mvula. Neti ya udzudzu ikakokedwa pamenepo imafafaniza zisa n'kukokolola tiana tonse, ndipo katupe amapha chilichonse osasankha. Tsekani damu kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo patulani mbali imodzi, makamaka kumene kuli bango ndi kumene mtsinje umalowera, ikhale yosawedzako chaka chonse. Imikani mitengo yodula m'madzi pamenepo; khoka silingadutse pa zitsa, ndipo tiana timapeza pobisala. Pa vuto ili lokha m'pamene kuthira mbewu kumathandiza. Itengeni kudzera ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu kapena ku Domasi ku Zomba, kumene kuli likulu la ulimi wa nsomba.

Musalole munthu kuthira nsomba yachilendo chifukwa choti wamva kuti imakula msanga. Ku Kariba, tilapia wa ku Nile, m'bale wachilendo wa chambo amene anathawa m'makola olimiramo nsomba, analanda malo a nsomba ya komweko ya mtundu wa chambo, imene tsopano ikusowa. Damu lililonse limasefukira mumtsinje, ndipo yalowa yalowa. Ku Malawi lamulo la za nsomba la 1997 sililola kuthira mtundu wachilendo popanda chilolezo.

Mukaona kuti m'kope mwatsala milamba yokhayokha, vuto ndi madzi. Mlamba umatha kupuma mpweya wa kunja, motero umapirira m'matope momwe makumba ndi chilunguni zalephera. Lowetsani mkono m'madzi mpaka pachigongono. Ngati chikhatho chikuoneka mwachizimezime ndipo madziwo ndi obiriwira, zili bwino. Chikazimiririka madzi asanafike n'komwe pakati pa mkono, ndipo mtundu wake ndi wofiirira, ndiye kuti dothi la m'minda likulowa m'damu, likutchinga dzuwa ndi kukwirira zisa. Zikani zikhomo zitatu m'malo osiyana, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala muziyeza kuya ndi nsungwi yolembedwa, kuyerekeza ndi chizindikiro chimodzi cha pakhoma. Bzalani mizere ya vetiva kumtunda, lekani kulima mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo ng'ombe zizimwera malo amodzi. Namasupuni mumuzule akangooneka n'kukamuumitsa kutali ndi madzi.

Mvula yoyamba imapha nsomba m'madamu akuya. M'chilimwe madzi apansi amakhala opanda mpweya wokwanira. Mvula yozizira ndi mphepo zikawavundula, m'mawa mwake mumapeza nsomba zili yasaa pamwamba, zina zitafa. Imani kaye kuthira manyowa kapena madeya, chotsani zakufazo mukazikwirire. Kumbukiraninso kuti damu la madzi akumwa, monga Kamuzu ku Lilongwe kapena Mulunguzi ku Zomba, lili ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo manyowa sathiramo n'komwe.

Potulukira madzi osefukira ikanipo sefa ya waya kuti nsomba zisapite ndi madzi, koma ikhale yotalikirako ndi khoma ndiponso yotambalala kuposa ngalande yotulutsira madziwo. Sefa yotsekeka ndi zinyalala imakweza madzi mpaka kudutsa pamwamba pa khoma ladothi n'kuligumula, choncho pakhale munthu woichotsa zinyalala mvula iliyonse ikangokata.