Kabuku kam'chikwama cha mwana: kuwerenga naye madzulo muli ku England

Ku England mwana amayamba sukulu mu Seputembala atakwanitsa zaka 4, m'kalasi ya Reception. Pasanapite nthawi amayamba kubwera ndi kabuku pamodzi ndi kakope kotchedwa reading record. Aphunzitsi amayembekezera kuti mwanayo azikuwerengerani tsiku ndi tsiku, inu n'kulemba m'kakopemo tsamba lomwe walekezera ndi mawu amene amusautsa. Mukamalemba "wawerenga bwino" basi simukuthandiza aphunzitsi. Lembani mawu enieniwo amene anakakamira pakhosi.

Ambiri a ife timapunthwa pa chinthu chimodzi, ngakhale mtima wothandiza tili nawo. Tinaphunzira ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, ndipo pa Chichewa njirayo ndi yosakayikitsa, chifukwa mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u ndipo amawerengedwa monga alembedwera. Chingerezi chili ndi zilembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, ndipo sukulu zimaphunzitsa liwu lililonse palokha, kenako kulumikiza. Njirayi amati phonics. Mwana akafika pa cat, lilime lathu limathamangira kunena "ka-a-ti". Iye akalumikiza zimenezo apeza "kaati", mawu oti kulibe. Liwu la t likhale kampweya chabe, lopanda i kumapeto, la m mutseke milomo muti "mmm", la s muti "sss". Musamuuzenso mayina a zilembo, zoti "si, e, ti", pamene akulimbana ndi mawu, chifukwa mayinawo salumikizika. Samalaninso ndi l ndi r. Kwathu zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo, koma light ndi right ndi mawu awiri osiyana. Funsani aphunzitsi ndondomeko yomwe amatsata, kaya Read Write Inc kaya Little Wandle, muonere mavidiyo ake a makolo pa intaneti. Mwanayo akakukonzani katchulidwe, landirani, ndiye kuti zikumulowa.

Mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Lamlungu. Kwa ogwira mashifiti, makamaka osamalira okalamba ndi odwala, "madzulo" satanthauza nthawi imodzi, choncho mangirirani kuwerenga ku chinthu chosasintha: akangomaliza kudya, kapena m'mawa asanavale nsapato. Amene ali pakhomo nthawiyo ndiye amvetsere, kaya bambo, kaya azakhali, kaya mkulu wake. Wailesi yakanema izime, foni ikhale patali. Buku agwire yekha, chala chiziyenda pansi pa mawu.

Akakakamira, musafulumire kumuuza. Werengani chamumtima kufika pa 5, kenako muti, "Tatchula liwu loyamba." Akalepherabe, muuzeni, abwereze chiganizo chonse, apitirire. Mawu ena monga the, said ndi was satsata malamulo amene waphunzira, ndiye musamuzunze nawo. Alembeni pa timapepala, mumate pa filiji, aziwaona kawirikawiri. Akamalephera mawu oposa 5 pa tsamba limodzi, bukulo lamukulira, ndipo dziwitsani aphunzitsi. Buku lomwelo kuliwerenga katatu si kutaya nthawi: koyamba amalimbana ndi maliwu, kachiwiri lilime limamasuka, kachitatu amamva nkhani. Koma ana ndi ochenjera, ena amangoloweza. Phimbani chithunzi ndi dzanja, mulozere mawu a pakati pa tsamba, muone. Ndipo chonde, kukalipa ndi mkwapulo zisayandikire buku. Mwana wamantha amangolota mawu kuti athane nazo msanga.

Mu Juni wa Year 1, kalasi yotsatira Reception, ana amayesedwa kuwerenga mawu 40. Theka lake ndi mawu opeka, opanda tanthauzo, oikidwa pambali pa kachithunzi ka kachilombo, pofuna kuona ngati mwana amalumikizadi maliwu. Mlingo wokhozera wakhala uli mawu 32, ndipo wosafikapo amayesedwanso mu Year 2. Mwana amene akuvutikabe ngakhale mukuyesetsa, kamuyezetseni maso, n'zaulere kwa ana osakwana zaka 16, ndiponso makutu. Kenako pemphani kuonana ndi SENCO, mphunzitsi woona za ana ofunika thandizo lapadera. Khadi la ku laibulale nalonso n'laulere. Kumeneko musiyeni asankhe yekha, ngakhale atatenga buku la mpira lokhalokha.

Chichewa musachitaye poopa kuti chimusokoneza. Akamaliza tsamba, mufunseni m'Chichewa kuti, "Nanga galuyu wathawiranji?" Ayankhe m'chilankhulo chomwe chabwera. Nthano za Kalulu ndi Fisi, iye akuvomera kuti "Tili tonse", zimamuphunzitsa kutsata nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pothera, luso lomwe aphunzitsi amalifuna. Maliwu a Chingerezi akakhazikika, cha mu Year 2, muonetseni a e i o u wathu, ndipo mumuchenjeze kuti ng' wa ng'ombe si ng wa ngolo. Timabuku ta Chichewa taulere tilipo pa intaneti, pa tsamba la African Storybook. Akadziwa kandime kamodzi, mujambuleni mawu pa WhatsApp mutumizire agogo ake kumudzi, nawo amubwezere ndi nthano ina.