Ofesi ya boma ikafuna katundu wanu popanda tenda

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira pa Chitakale ku Mulanje: simenti, malata, misomali, mapaipi. Namondwe Freddy atatisakaza mu Malichi 2023, bwana wina wa ofesi ina ya boma anandiimbira madzulo. "Mayi, mutitumizire malata mawa m'mamawa, anthu akugona panja. Mapepala tikonza pambuyo." Mtima unandigwira, ndinakweza malatawo. Ndalama yake ndinadzailandira patatha miyezi yambiri, nditatopa ndi kukhala pa benchi la ku akawunti, chifukwa panalibe pepala losonyeza kuti anandituma ndani. Ndikulemba izi kuti anzanga a mashopu ang'onoang'ono musadutse momwe ndinadutsamo.

Njira yokhazikika yogulira zinthu za boma ndi tenda yolengezedwa poyera, aliyense woyenera n'kupikisana nawo. Amene amayang'anira zimenezi ndi bungwe la PPDA, lomwe linabwera ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Kupatuka pa njira imeneyi n'kololedwa, koma pa zifukwa zowerengeka, ndipo choyamba kuchita munthu akakuimbirani n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, mukugula pa njira iti?"

Akati ndi makotesheni, ndiye kuti katunduyo ndi wa ndalama zochepa, ndipo ayenera kufunsa mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu. Mpikisano ulipobe, kungoti sanalengeze m'nyuzipepala. Apa pali msampha umene tonse timaudziwa: akuuzeni kuti mubweretse nokha makotesheni onse atatu, awiriwo mukabwereke mabuku a anzanu. Kanani. Kananinso akafuna kudula oda imodzi yaikulu m'tizidutswa kuti ithawe tenda. Dzina lolembedwa pa mapepala amenewo ndi lanu, si la amene anakunong'onezani.

Njira yopanda mpikisano n'komwe ndi imene amati single source, kugula kwa munthu mmodzi osafunsa wina. Imaloledwa ngati chinthucho chimapezeka kwa wogulitsa mmodzi yekha, monga sipeya ya makina a kuchipatala yomwe imachokera kwa amene anapanga makinawo. Imaloledwanso ngati akuwonjezera pa zimene anagula kale ndipo za mtundu wina sizingagwirizane nazo. Tinene zoona, simenti ndi malata sizilowa m'menemo. Zimenezo zili m'shopu iliyonse kuyambira ku Luchenza mpaka ku Limbuli.

Chifukwa chimene chimatikhudza ife kwambiri ndi cha ngozi yadzidzidzi: mlatho wakokoloka, kolera wabuka, denga la wodi lasasuka ndi mphepo. Kuno kunsi kwa phiri zoterezi sizichedwa, ndipo palibe angadikire masabata a tenda anthu ali pa mvula. Koma ngozi iyenera kukhala ngozi yeniyeni. Ofesi imene inagonera ntchito chaka chonse, n'kudzidzimuka chaka cha boma chikutha, siyinganene kuti yagweredwa mwadzidzidzi. Komanso chogulidwa chikhale chokwanira kuthana ndi vutolo basi. Malata ofolerera kalasi imene yasasuka, inde. Malata omangira buloko yatsopano imene anaiganiza kalekale, imeneyo ibwerere ku mpikisano.

Ngakhale zifukwa zili zomveka, bwana mmodzi sagamula yekha. Ofesi iliyonse yogula zinthu ili ndi komiti yake, IPDC, ndipo iyenera kuvomereza n'kulemba chifukwa chake. Kugula kwa munthu mmodzi kumafunanso chilolezo cha PPDA. Inu simungakaone mafayilo awo, koma mungafunse ngati komiti yakhala. Wogwira ntchito wolongosoka sakwiya ndi funso limeneli.

Tsopano gawo lanu. Musakweze kanthu pa galimoto musanagwire m'manja LPO, kalata ya ofesiyo yoitanitsira katundu, yosainidwa, yodindidwa, yolemba kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wake. Uthenga wa pa WhatsApp si LPO. Pofikitsa katundu, wa ku sitolo awerenge inu mukuona, asaine pa delivale noti, alembe dzina ndi tsiku. Invoisi yanu ikhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, ndipo satifiketi ya PPDA ndi ya msonkho ya ku MRA zikhale zosatha nthawi, chifukwa pepala limodzi lotha ntchito limaimitsa malipiro onse.

Pa mtengo ndiye ndikupemphani kwambiri. Lembani mtengo womwewo umene mumagulitsira pa kauntala, kuwonjezerapo thiransipoti ngati ilipo. Poti palibe wopikisana naye, mtima umakuuzani kuti mukwezeko pang'ono, ndipo ena amakuuzani kuti mukweze kuti nawonso apezepo yawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumbukirani za K6.2 biliyoni ya Covid-19: owerengera ndalama za boma atafufuza mu 2021, nkhani ya mitengo yokwezedwa ndi kugula kosatsata ndondomeko inatuluka poyera, ndipo anthu ena anamangidwa.

Ine ndinagula fayilo ya pulasitiki, mvula yathu ino isanyowetse mapepala. Oda iliyonse ya boma ndimajambulitsa LPO, delivale noti ndi invoisi, n'kuzimanga pamodzi ndi pini. Mwezi wathawu anandiimbiranso ofuna mapaipi mwachangu. Ndinawauza kuti mnyamata wanga ali pa njinga, akubwera kudzatenga LPO, ndipo galimoto inyamuka akangobwera nayo.