Momwe mungakonzere alovera wodzola osadzipweteka khungu

Mphepo ya Juni ikayamba kuwomba kuno ku Kasungu, khungu limatuwa, zidendene n'kung'ambika. Ambirife timathamangira alovera amene tinabzala kuseri kwa nyumba. Ngwabwino ndithu, amaziziritsa khungu lopsa ndi dzuwa ndi kulifewetsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu ongothyola tsamba n'kudzipaka pomwepo.

Sankhani tsamba lonenepa la m'munsi, mulidule ndi mpeni wotsuka bwino. Musalisende kaye. Liimikeni m'kapu, kodulako kuloze pansi, kwa mphindi 15. Muona timadzi tachikasu, tafungo loipa, tikudontha. M'timadzito muli aloin, amene amayabwa pakhungu. Titayeni kutali ndi ana, chifukwa akatilawa amatsegula m'mimba.

Kenako tsukani tsambalo, chotsani minga ya m'mbali, sendani khungu lobiriwiralo. Zam'kati zoyera, zolenda ngati therere, muzikokote ndi supuni, muzitsukenso, n'kuzinyenya.

Apa ndiye musapupulume. Pakani pang'ono mkati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, mudikire masiku awiri. Pakayabwa, kutentha kapena kutuluka tinsungu, alovera si wanu, ngakhale anzanu onse akumutama.

Ndimu musathiremo, chonde. Mchemwali wanga anauzidwa kuti kusakaniza ndi madzi a ndimu kumachotsa zipsera. Anadzola m'mawa n'kupita kukakumba mtedza. Pofika mawa lake tsaya linali litatupa matuza, ndipo banga lakuda linatenga miyezi kuti lizilale. Madzi a ndimu akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu.

Alovera amauma msanga, ndiye m'nyengo yozizira muzipaka pamwamba pake timadontho tiwiri kapena titatu ta mafuta a malambe kapena a mpendadzuwa. Ku zidendene zong'ambika, mafuta a nsatsi aja ankadzola agogo athu amagwirabe ntchito, makamaka mukapaka usiku mutasamba. Koma njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, musazisiye poti mwana angatole. Amene thupi lawo limadana ndi mtedza asadzole mafuta a mtedza.

Konzani alovera wokwana tsiku limodzi basi. M'firiji akhoza kukhala mpaka sabata, koma akasintha mtundu kapena fungo mutayeni. Ndipo pabala lakuya, pamene mwapsa kwambiri ndi moto, kapena pachilonda chotuluka mafinya, musapakepo. Pitani nazo kuchipatala.