Tinyongolotsi tofiira m'thanki ya madzi: mmene mungatithetsere

Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi, ndipo matanki ambiri omwe ndimatsegula ku Matawale, Chinamwali ndi Sadzi mumzinda wa Zomba ndimawapeza ndi matope pansi, tinyongolotsi tofiira tikuvinavina momwemo. Madzi ochokera ku damu la Mulunguzi amafika atathiridwa kale klorini, koma akakhalitsa m'thanki yotenthedwa ndi dzuwa, mankhwalawo amatha mphamvu. Chivindikiro chikakhala ndi mpata, tizilombo touluka tonga udzudzu, koma tosaluma, timalowa n'kuikira mazira. Zofiirazo ndi mphutsi zake.

Ambiri amathamangira WaterGuard. Chivindikiro chimodzi cha botolo lake m'ndowa ya malita 20, kudikira mphindi 30, chimapha majeremusi a kolera bwinobwino, ndipo musasiye kutero. Koma mphutsizi n'zolimba, mulingo wotere sizimva, makamaka zikabisala m'matope. Ndiye wina amangowonjezera mpaka madzi kuwawa, ana n'kuyamba kukamwa pachitsime. Ayi. Klorini wamphamvu ndi wotsukira thanki, osati womwera.

Tsekani mpopi wolowetsa madzi, mukhuthule onse. Palani matope ndi ndere ndi burashi yolimba, makamaka m'makona ndi pakamwa pa paipi yotulutsa madzi, kenako tsukuluzani. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, chifukwa klorini akakumana ndi matope amathera pomwepo asanakhudze kachilombo n'kamodzi komwe.

Tsopano HTH, klorini wamphamvu uja wa timibulu toyera. Mulingo wake ndi magalamu 80 pa malita 1,000 aliwonse, kutanthauza magalamu 400 pa thanki ya malita 5,000. Musungunulireni kaye m'ndowa yapulasitiki, osati yachitsulo, muli panja, mutavala magolovesi, nkhope mutaitalikitsa. Musamusakanize ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Mpweya wotuluka pamenepo umabanikitsa munthu. Thirani madzi pang'ono m'thanki, onjezani msanganizowo, mudzazitse. Tsegulani mipopi yam'nyumba mpaka mumve fungo, kuti mapaipi nawo alandire, ndiye mutseke. Zikhale choncho maola 24. Uzani aliyense pakhomo, ndi alendi omwe, kuti asamwe kapena kuphikira.

Potaya madziwo samalani. Asalowe mumtsinje wa Likangala kapena m'dziwe la nsomba la aneba, ndipo padimba amawotcha ndiwo. Atayireni pamalo ouma, alowe pansi pang'onopang'ono. Tsukuluzani mpaka fungo lamphamvu lithe.

Klorini ngakhale apha, sachotsa mitembo ya tizilomboto, choncho masiku oyamba sefani madzi akumwa ndi kansalu koyera kopinda kanayi, kenako WaterGuard monga mwa nthawi zonse. Paipi yotayira madzi osefukira imangeni ndi kachidutswa ka neti yatsopano yopanda mankhwala, pakuti ambiri amaiwala kuti tizilombo timalowera pomwepo, ndipo chivindikiro chong'aluka chisintheni thanki isanadzazidwenso.